Kukonza malo ogwirira ntchito m'nyumba ya lendi popanda kuwononga ndalama zambiri

Ntchito yanga ndi yolemba mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono ndi kutaipira anthu makalata, ndipo ndimaigwirira kunyumba. Poyamba ndinkakhala pabedi, laputopu pamwendo, malisiti atamwazikana pabulangete. Miyezi itatu isanathe msana unayamba kundipweteka, khosi linauma, ndipo tsiku lina lisiti la kasitomala linasowa, ndinadzalipeza patapita sabata kuseri kwa matiresi. Kuyambira pamenepo ndinakonza kangodya kanga m'chipinda chimodzi chomwe ndinkachita lendi ku Ndirande. Zomwe ndalemba pano ndi za munthu wokhala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri, wa ku Bangwe, ku Kawale, ku Chinsapo, ku Chibavi kapena kwina kulikonse, amene thumba lake ndi lopereŵera koma ntchito yake ikufuna tebulo.

Choyamba, musagule kanthu sabata yoyamba

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri timathamangira kugula tebulo chifukwa ndi lomwe limaoneka, kenako n'kupeza kuti silikwana pomwe timafuna, kapena lakwana koma soketi ili kutsidya kwa chipinda. Tengani masiku angapo mukungoyang'ana nyumba yanuyo ngati kuti mwangosamukiramo kumene.

Onani komwe dzuwa limalowera m'mawa ndi madzulo. Zenera loyang'ana kumadzulo limatenthetsa chipinda kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, makamaka ngati nyumba ndi ya malata yopanda siling'i. Onani pomwe pali soketi, ndipo muiyese ngati ikugwira bwino. Yendani ndi foni m'ngodya zonse muone pomwe netiweki imagwira mwamphamvu. M'nyumba imodzi yomweyo, pafupi ndi zenera pamatha kugwira bwino pomwe pakati pa chipinda palibe kanthu. Ngati muli ndi simu ya TNM ndi ya Airtel, yesani zonse ziwiri, masana ndi usiku, chifukwa dera lililonse lili ndi khalidwe lake. Yang'anani kudenga ndi m'makoma: mizere yoderako pakhoma ndi chizindikiro choti pamadontha nthawi ya dzinja, ndipo dothi lokwera m'mbali mwa khoma ndi njira ya chiswe. Malo otere apeweni ngakhale ataoneka abwino m'chilimwe. Mukakayika, funsani aneba omwe akhala pamalopo nthawi yaitali. Iwo amadziwa mbali yomwe mvula imamenya.

Mukatero bwerekani tepi yoyezera. Malo omwe mukufuna si aakulu: masentimita 90 kapena 100 m'litali motsamira khoma, ndi masentimita pafupifupi 120 kuchoka pakhoma, kuti tebulo likwane ndipo mpando uzitha kubwerera m'mbuyo podzuka. Jambulani ndi choko pansi pomwepo. Khalani ndi mizere imeneyo masiku awiri muone ngati chitseko chikutsegukabe, ngati ana akudutsa bwino, ngati amene amadzuka usiku sapunthwa.

Ngati pali kusankha, tebulo likhale cham'mbali mwa zenera. Zenera likakhala kutsogolo kwanu, kuwala kumakuthobwani m'maso. Likakhala kumbuyo, kumawalira pa sikirini ndipo pa msonkhano wa pa vidiyo nkhope yanu imaoneka mdima wokhawokha. Komanso musagundike tebulo pazenera penipeni. Laputopu yoonekera kunja imaitana dzanja, ngakhale pali zitsulo.

Chachiwiri, mpando ndiye uyambe, tebulo litsatire

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pomwe thupi limavulalira pang'onopang'ono munthu osadziwa. Tebulo limapangidwa molingana ndi mmene mwakhalira pampando, osati mpando kulondola tebulo.

Mpando wa ofesi wa matayala ndi wodula, ndipo wakale wogula pamsika nthawi zambiri umakhala utafa kale chokwezera. Simukuufuna kwenikweni. Mpando wamba wa matabwa wokhala ndi chotsamira, monga wa patebulo lodyera, ukwanira ngati mwaukonza. Khalanipo, msana ufike kuchotsamira. Mapazi aponde pansi onse awiri, mawondo apinde ngati ngodya ya nyumba, ntchafu zigone mofanana ndi pansi. Mipando yambiri yotere imatalika masentimita 43 mpaka 46. Ngati mapazi akulendewera, ikani thabwa kapena njerwa ziwiri zokutidwa ndi chiguduli pansi pa mapazi. Ngati mpando wafupika, onjezani khushoni lolimba. Pindani thaulo kapena chitenje chakale ngati mkombero, muchimangirire pachotsamira pomwe msana umaloŵa mkati, pamwamba pang'ono pa chiuno. Kanthu kakang'ono kameneka kandithandiza kuposa china chilichonse chomwe ndinagula ndi ndalama.

Mipando yapulasitiki ija ya pamisonkhano ndi pamaukwati ndi yotsika mtengo, koma imakukankhirani m'mbuyo ndipo manja ake amagunda tebulo, ndiye mumakhala mukuwerama tsiku lonse. Ngati ndi umene muli nawo, yambani nawo, koma ikani pilo kumsana ndipo ndalama yoyamba yomwe ipezeke ipite kumpando.

Tsopano, muli chikhalire, tsitsani mapewa, pindani zigongono ngati mukutaipa. Wina ayeze kuchokera pansi kufika pachigongono chanu. Umenewo ndiye msinkhu wa tebulo lanu. Kwa anthu ambiri umakhala pakati pa masentimita 70 ndi 75, koma wanu ndi wanu. Lembani nambalayo papepala.

Chachitatu, pitani kwa kalipentala

Tebulo la m'shopu ya mipando ndi lodula, ndipo ambiri mwa otsika mtengo ndi a utuchi wopanikiza uja umene umafufuma ukangonyowa. Kalipentala wa m'dera lanu akupangirani lolimba, la muyezo wanu, pamtengo womwe mungakambirane. Sindilemba mitengo pano chifukwa chichitikireni kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023 mtengo wa thabwa sukhala malo amodzi. Funsani akalipentala atatu, mudziwa mtengo weniweni wa sabata imeneyo.

Pitani ndi pepala lojambulidwa. Pamwamba pa tebulo: masentimita 90 m'litali, 50 kapena 55 m'lifupi. Pamenepo pakwana laputopu, kope ndi kapu ya tiyi. Msinkhu: nambala ija munalemba. Muwauze momveka kuti, "Bambo, kutsogoloku musaikeko thabwa lalikulu kapena dirowa pakati, mawondo anga azilowa." Akalipentala ambiri anazoloŵera kupanga matebulo odyera okhala ndi thabwa lalikulu kunsi kwake, ndipo limakanikiza ntchafu. Apempheninso aboole kabowo kumbuyo kodutsa mawaya.

Paini ndi wotsika mtengo ndipo ndi wopepuka posamuka, zomwe ndi zofunika kwa ife a lendi. Koma onetsetsani kuti matabwawo ndi ouma. Thabwa laliwisi limalemera ndipo limazizira m'manja. Likauma lili kale tebulo, limapindika n'kusiya mipata. Apake mankhwala a chiswe, kenako vanishi. Musalipire ndalama yonse poyamba. Perekani ya matabwa, yotsalayo mukaona ntchito, ndipo mugwirizane tsiku. Ine ndinalipira zonse tsiku loyamba kwa kalipentala wina, tebulo la masiku anayi linatenga milungu isanu. Popita kukalitenga, nyamulani tepi muliyeze pomwepo.

Ngati chipinda ndi chopanikiza moti tebulo la miyendo inayi silingakhale tsiku lonse, pali tebulo lopinda: thabwa limodzi lomangirira kukhoma ndi mahinjesi, ndi mwendo umodzi kapena iwiri yopindika. Masana mumalitukula, usiku limagona kukhoma. Koma limafuna kuboola khoma, ndiye kambiranani kaye ndi eni nyumba, musawadzidzimutse. Ndipo khoma la njerwa zomangira dothi siligwira bwino zomangira, lingakugwetsereni laputopu. Pakhoma lotere, bola tebulo la miyendo yopinda loima palokha.

Ngati panopa mulibe ndalama ngakhale ya kalipentala, chitseko chakale kapena thabwa lalikulu loyalidwa pa mizere iwiri ya njerwa ndi tebulo ndithu. Lingokhala pa msinkhu woyenera ndipo lisagwedere.

Chachinayi, kwezani sikirini

Laputopu inapangidwa kuti izinyamulika, osati kuti munthu aziigwiritsa ntchito maola asanu ndi atatu. Ikakhala patebulo, mumaweramitsa mutu. Mukaikweza, manja amalendewera. Njira yake ndi kuisanjika pa mabuku akuluakulu kapena kabokosi ka matabwa mpaka m'mphepete mwa pamwamba pa sikirini mufanane ndi maso anu, patali ngati kutalika kwa mkono wanu, kenako n'kugula kiyibodi ndi mausi zapadera. Za waya ndi zotsika mtengo ndipo sizifuna mabatire. Ziyeseni pa laputopu yanu musanalipire, batani lililonse. Kalipentala uja angakupangireni kabokosiko ndi zidutswa zotsala. Kakhale kotseguka kutsogolo kuti kiyibodi izilowa kunsi mukamaliza ntchito.

Kukweza laputopu kumaithandizanso kupuma. Pabedi kapena pakhushoni timabowo take totulutsira mpweya timatsekeka, imatentha, ndipo batire limafa msanga.

Chachisanu, magetsi

Nkhani iyi ndi yaitali, ndipo ndi imene imasiyanitsa wogwira ntchito kunyumba kuno ndi wa ku London.

Yambani ndi kuteteza zomwe muli nazo. Magetsi akazima n'kubweranso, nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola muyezo. Ine chaja changa choyamba chinapsa chotero, ndipo ndinakhala masiku asanu ndi limodzi osagwira ntchito ndikufunafuna china. Chizoloŵezi chosafuna ndalama ndi ichi: magetsi akangozima, zulani chaja pasoketi, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo musanalumikizenso. Kukamachita ziphaliwali, zulaninso. Chofuna ndalama ndi kachipangizo koteteza ku mphamvu yopyola, kamene m'mashopu amakatchula kuti surge protector, kapena kaja amaika pafiriji ndi pa TV kodula magetsi okha akakwera kapena kutsika. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi laputopu.

Ekisitenshoni musagule yopepuka ya waya woonda. Igwireni m'manja: waya akhale wonenepa, pulagi ikhale ya mano atatu yokhala ndi fyuzi, ndipo mapulagi azilowa mothina. Ikamatentha kapena kununkha pulasitiki, itayeni tsiku lomwelo. Musalumikizepo ayironi, ketulo kapena hotipuleti pamodzi ndi kompyuta. Waya asadutse pansi pa mphasa kapena kapeti, ndipo asagone pomwe mumakolopa. Mukhomereni m'mbali mwa khoma kapena kumwendo wa tebulo. Za kulowetsa mawaya opanda pulagi m'soketi ndi kamtengo, chonde lekani, makamaka m'nyumba ya ana.

Za mayunitsi musade nkhawa kwambiri. Yuniti imodzi pa mita ya ESCOM ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Yang'anani pa chaja cha laputopu yanu. Zambiri zimalembedwa 45W kapena 65W. Ngakhale cha 65W chitakoka mphamvu yake yonse kwa maola 8, ndi theka la yuniti basi, ndipo nthawi zambiri sichifika n'komwe pamenepo. Hotipuleti ya mawati 1,000 imadya yuniti yathunthu pa ola limodzi. Masamu amenewa asungeni, adzakuthandizani ngati mumagawana mita ndi anzanu a pa lendi ndipo wina wayamba kunena kuti kompyuta yanu ndi imene ikumaliza magetsi. Muwafotokozere modekha, chaja chili m'manja.

Nanga magetsi akazima? Musayambe ndi kugula sola yaikulu. Yambani ndi kudziwa kuti batire la laputopu yanu limakhala maola angati. Liyeseni tsiku lina ndi wotchi. Chepetsani kuwala kwa sikirini, tsekani mapulogalamu omwe simukuwagwiritsa ntchito. Ngati batire linafa moti magetsi akazima kompyuta imazimanso, kusintha batirelo ndiye koyamba. Kenako power bank ya foni, chifukwa foni ndiyo intaneti yanu. Ya 20,000mAh yeniyeni imadzaza foni katatu kapena kanayi, koma siitchaja laputopu pokhapokha zonse ziwiri zili ndi kabowo kotchajira ka mtundu wa USB-C kotha kutero, ndiye funsani musanagule. Zabodza zilipo zambiri. Yopepuka modabwitsa koma yolembedwa nambala yaikulu ikayikireni.

Ntchito ikayamba kubweretsa ndalama, ndiye muganize za sola: panelo, kachipangizo kowongolera kutchaja, batire ndi inveta yaing'ono (kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a pasoketi). Batire la 12V 50Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 600 kwa ola, koma la mtundu wa asidi simuyenera kulikhetsa kupyola theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye werengerani 300. Zimenezo ndi maola angapo a laputopu ndi babu. Musalumikize panelo ku batire mwachindunji popanda chowongolera chija, ndipo batire la galimoto lothira madzi lisatchajidwire m'chipinda chogona chotseka, chifukwa limatulutsa mpweya woti ungayake.

Getsi la usiku: babu limodzi la kudenga lili kumbuyo kwanu limagwetsera mthunzi wa mutu wanu papepala. Pezani kanyale ka LED kotchaja, mukaike mbali ya dzanja lomwe simulembera. Kadzakuthandizaninso magetsi akazima. Kandulo pafupi ndi mapepala ndi katani ayi.

Chachisanu ndi chimodzi, intaneti

Kwa ambiri, hotspot ya pafoni (foni kugawira laputopu intaneti) ikwanira poyambira. Ikani foniyo pomwe munapeza netiweki yabwino, ngakhale patakhala pawindo, inu muli patebulo. MiFi, kachipangizo kolowetsamo simu kongogawa intaneti, igulidwe pamene foni yayamba kutentha kapena mafoni obwera akukudulirani misonkhano. Pa Windows, uzani kompyuta kuti kulumikizana kumeneku ndi metered connection, kutanthauza intaneti ya bandulo yokhala ndi malire. Mukapanda kutero idzayamba kutsitsa yokha zokonzera mapulogalamu ake n'kumaliza bandulo ya sabata usiku umodzi. Pa WhatsApp zimitsani zoti mavidiyo azitsika okha. Ndipo sungani simu yachiwiri ya kampani ina ili ndi kabandulo kakang'ono, kuti ina ikavuta tsiku lopereka ntchito musasoŵe pogwira.

Chachisanu ndi chiwiri, katundu akwere m'mwamba

M'chipinda chaching'ono pansi ndi podula, khoma ndi laulere. Shelefu imodzi pamwamba pa tebulo, kapena kashelefu koonda koima pambali ngati eni nyumba sakufuna misomali, ikwanira mafayilo ndi mabuku. Patebulo pakhale zokhazo zomwe mumagwira tsiku lililonse. Zolembera m'kachitini. Malisiti pa waya wopinda kapena m'maenvulopu olembedwa mwezi. Mapepala ofunika, monga masatifiketi ndi mapangano, alowe m'mapulasitiki kenako m'bokosi lotseka, ndipo bokosilo lisagunde pansi kapena khoma. Katoni yosiyidwa pasimenti imakoka chinyezi, ndipo chiswe chikaipeza mumadzangoona chikuto chokha.

Fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala ndi mdani wa kompyuta. Mukamaliza ntchito, itsekeni, idikireni izizire, muifunditse nsalu. Posesa, wazani madzi kaye. Mbaula isayakire m'chipinda chomwe muli kompyuta. Utsi ndi phulusa zimalowa mkati, ndipo koposa apo, makala oyaka m'chipinda chotseka amapha anthu. Ngakhale chiperoni chitavuta bwanji mu Juni ndi Julayi, valani juzi ndi masokosi.

Chachisanu ndi chitatu, anthu a m'nyumba ndi aneba

Tebulo mutha kuligula, koma bata muyenera kulipempha. Kwathu kuno munthu akakhala pakhomo amaonedwa kuti alibe chochita. Mudzatumidwa kuchigayo, mudzasiyiridwa mwana wa aneba, ndipo mlendo akati "odi" simungamusiye panja. Sindikunena kuti tisinthe khalidwe lathu. Ulemu umenewu ndi umene umatisunga pa tsiku la mavuto. Koma khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu muwauze maola anu. Kwa amayi kapena apongozi, nenani mwaulemu: "Amayi, kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko ndimakhala ndili kuntchito ngakhale mukundiona pano. Ikakwana 12 ndipita kulikonse munganditume." Ndiye ikakwana 12, pitanidi. Akaona kuti mumasunga mbali yanu, nawonso amasunga yawo. Mlendo mulandireni, mupatseni mpando ndi madzi, mumuuze kuti mumaliza nthawi yakuti. Anthu ambiri amamvetsa akauzidwa zoona.

Chitenje chopachika pa waya kapena chingwe, kuchoka kukhoma kufika kukhoma, chimagawa chipinda popanda kumanga kanthu. Ana amaphunzira msanga kuti nsalu ikatsekedwa ababa kapena amama ali kuntchito. Chimabisanso bedi ndi zovala pa msonkhano wa pa vidiyo. Sankhani cha mtundu umodzi wosachita maluwa ambiri. Mahedifoni a waya okhala ndi maikolofoni, aja amabwera ndi foni, amachepetsa phokoso la wailesi ya aneba ndi tambala kuposa maikolofoni ya laputopu. Phunziraninso nthawi ya phokoso ya dera lanu: ana akaweruka, kwaya ikamaphunzira nyimbo, bala ikatsegula. Ntchito yofuna kuganiza kwambiri muiike m'maola a bata, kwa ine ndi m'bandakucha mpaka cha m'ma 10 koloko.

Muzidzuka. Pakatha theka la ola kapena ola, imirirani, tambasulani manja, tulukani pakhonde muyang'ane patali kuti maso apume. Mpando wabwino bwanji sungalowe m'malo mwa kuyenda. Ogwira ntchito usiku, kumbukirani kuti udzudzu umakonda pansi pa tebulo. Valani zofika kumapazi ndipo tsekani mawindo dzuwa likamalowa.

Chomaliza, kutseka ofesi madzulo

Popeza ofesi ndi chipinda chogona ndi malo amodzi, ntchito imafuna kukutsatirani mpaka pabedi. Ikani nthawi yoweruka. Ikakwana, bwezerani mapepala m'malo mwake, lembani pakapepala ntchito zitatu za mawa, zulani mapulagi, ndipo laputopu muichotse patebulo. Muitsekere m'sutikesi kapena m'kabati ya loko, kutali ndi zenera, ngakhale mukungopita kumsika. Lembani nambala yake ya kunsi ija, serial number, m'kope lomwe mumasunga kwina. Ikadzabedwa apolisi adzaifunsa. Ikani pasiwedi pa kompyuta, makamaka ngati mumasunga zinthu za makasitomala.

Lachisanu lililonse koperani ntchito ya sabatayo kawiri: pa fulashi yomwe simusunga m'chikwama chimodzi ndi laputopu, ndi pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka malo a 15GB aulere, ndipo makalata ndi matebulo a masamu satenga malo ambiri. Mukamaliza kukopera, tsegulani fayilo imodzi kapena ziwiri pa fulashiyo muone ngati zikutsegukadi, kenako muichotse bwinobwino musanaizule.